MIYALA YA MU IMPSO: M'MENE ACIPATALA AFUFUZIRA GWERO LACE

Pa matenda amene afikitsa munthu wamkulu kucipatala usiku ali kubuula, miyala ya mu impso ndi imodzi. Ululu wace uyambira m'nthiti, mbali imodzi ya msana, nutsikira ku cinena. Ubwera mwadzidzidzi, uleka pang'ono, ubweranso mwamphamvu, kotero kuti wodwala alephera kukhala pansi kapena kugona. Ena amasanza ndipo ena amaona magazi mu mkodzo. Amai ena amene anadwalapo nthendayi amayerekeza ululu wace ndi wa pobereka.

Wodwala akalasidwa nyeleti ululu nuleka, kapena kamwala kakatuluka kokha pokodza, ambiri amaganiza kuti nkhani yatha. Tsiku limene anauzidwa kuti abwerenso likafika, iwo ali ku nchito kapena ku msika. Ngozi iri pamenepa. Madokotala apeza kuti mwa anthu amene anakhalapo ndi mwala, pafupi-fupi theka amakhalanso ndi wina zisanathe zaka 10 ngati palibe cimene casintha. Mwala wobwera-bwera ungatseke njira ya mkodzo ndi kuononga impso mwakacetecete. Ndiye cifukwa cace acipatala safuna kungoletsa ululu cabe. Afuna kudziwa cimene cinabweretsa mwalawo, ndipo pofufuza amadalira kwambiri wodwala ndi a pabanja pace.

MWALA UPANGIKA BWANJI?

Munthu ali ndi impso ziwiri ku msana, pansi pa nthiti. Iri yonse ndi yaikulu ngati nkhonya ya mwini wace, ndipo nchito yace ndi kusefa magazi. Pa tsiku limodzi impso zisefa madzi okwanira malita pafupi-fupi 180. Ambiri abwezedwa m'thupi, ndipo otsala, lita imodzi kapena malita awiri, ndiwo mkodzo. Mkodzo utsikira ku cikhodzodzo kupyolera m'timapaipi tiwiri. Kapaipi kali konse ndi kotalika masentimita 25 kufika 30, koma m'kati mwace ndi mopapatiza, mamilimita 3 kapena 4 cabe. Mwala ukakakamira m'menemo ndi pamene ululu uyamba.

Mai ali yense adziwa kuti akathira shuga wambiri m'tiyi wocepa, wina atsalira pansi pa kapu osasungunuka. Ndi m'menenso zicitikira mu impso. Mkodzo umanyamula mitundu ya micere imene thupi silifuna. Madzi akacepa, kapena micereyo ikaculuka, iyamba kuundana ngati mcenga. Mcengawo umagwirana pang'ono-pang'ono kwa miyezi kapena zaka mpaka usanduka mwala.

M'makomboni mumamveka zoti miyalayi icokera ku mcenga wa m'ndiwo zosatsuka bwino, timiyala ta mu mpunga ndi nyemba, kapena njere za magwafa ndi matimati. Izi si zoona. Cakudya cidutsa m'matumbo, ndipo kulibe njira yoti mcenga kapena njere zicoke m'matumbo kukalowa mu impso. Enanso akaona kamwala kotuluka m'thupi amati kaponyedwa ndi mfiti. Mwalawo umapangika mu impso momwemo, kucokera ku zinthu zimene ziri mu mkodzo wa mwini wace.

Pali mitundu inai ikulu-ikulu ya miyala. Yoculuka kwambiri, pafupi-fupi 8 mwa miyala 10, ndi ya calcium, ndipo kawiri-kawiri calcium ameneyu amagwirana ndi cinthu cina cochedwa oxalate. Waciwiri ndi mwala wa uric acid. Wacitatu ubwera kaamba ka tizirombo ta mu mkodzo. Wacinai ndi wa cystine, wosowa ndithu, umene uyenda m'magazi a pabanja. Mtundu uli wonse uli ndi gwero lace ndi kapewedwe kace. Cimene cithandiza munthu wa mwala wa uric acid cingakhale cosathandiza kwa mnzace wa mwala wa tizirombo, ndipo mankhwala amene mnansi anapatsidwa sayenera kubwerekedwa.

KUYAMBA PA KILINIKI

Wokhala ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika mu Chipata ayambira pa kiliniki imene iri pafupi. Ngati kufunika, apatsidwa kalata yopita ku cipatala cacikulu monga Chipata Central Hospital, kapena St Francis kwa a ku Katete. Kupima kwina kumene sikucitika m'zipatala za m'maboma kungafune ulendo wa ku Lusaka, ku University Teaching Hospital, kumene kuli madokotala oona za impso ndi njira ya mkodzo.

Nchito yoyamba ndi kutsimikiza kuti bvuto ndi mwala ndithu, pakuti pali matenda ena ofanana nao. Kwa mai, ululu wa mbali imodzi ungakhale mimba imene yakhala kunja kwa ciberekero, ndipo imeneyi ingaphe m'maola ocepa. Kutupa kwa appendix ndi mafinya mu impso nazonso zimapweteka ca komweko. Magazi mu mkodzo angacokere ku likodzo.

Pali zizindikiro zimene siziyembekeza kuti kuce. Ululu wa m'nthiti ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, ndiye kuti mwina mwala watseka njira ndipo tizirombo taunjikana kumbuyo kwace. Anthu ambiri amati ndi malungo, nayamba kumwa mankhwala a malungo kunyumba, pamene tizirombo tiri kulowa m'magazi. Munthu wotere afunika kucipatala nthawi yomweyo. Cimodzi-modzi amene waleka kukodza, amene asanza ciri conse cimene wamwa, mai wa pakati, ndi munthu amene ali ndi impso imodzi cabe.

MAFUNSO A DOKOTALA

Ululu ukacepa, kufufuza kuyamba ndi mafunso. Ena amaona ngati dokotala ataya nthawi, koma mayankho a wodwala kawiri-kawiri ndi amene amalozera ku gwero la mwala makina asanagwire nchito.

Dokotala afunsa za madzi: wodwala amamwa angati pa tsiku, amakodza kangati, ndipo mkodzo wace umaoneka bwanji. Afunsanso za nchito. Woyendetsa basi ya pakati pa Chipata ndi Lusaka amadziletsa kumwa madzi kuti asaime-ime pa njira. Mai wogulitsa pa msika amacita cimodzi-modzi kaamba koti cimbudzi ndi colipira ndipo alibe womusiyira katundu. Oumba njerwa, ophwanya miyala, ochova njinga za hayala ndi alonda a pa dzuwa amataya madzi ambiri m'thukuta, maka-maka mu October, ndipo m'cigwa ca Luangwa kutentha kumaposa pamenepo. Anthu onsewa amakhala ndi mkodzo wocepa ndi wakuda, umene upanga mwala mosabvuta.

Funso lina ndi la cakudya. Mcere wambiri ucititsa impso kutulutsa calcium wambiri mu mkodzo. Mcerewu si wa pa tebulo wokha. Uli m'nsomba zouma zothira mcere, m'masoseji, m'chipisi ndi m'supu za m'mapaketi. Nyama yambiri, maka-maka ya m'kati monga ciwindi, kapenta wodya tsiku ndi tsiku ndiponso mowa zimaonjezera uric acid. Bondwe, sipinachi, delele, nshawa ndi tiyi wakuda ziri ndi oxalate wambiri. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo nazonso zimaonjezera ngozi ya mwala.

Dokotala afunanso kudziwa za matenda ena: shuga, BP, kunenepa kwambiri, nthenda ya gout imene itupitsa cala cacikulu ca kuphazi, kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali, opareshoni ya matumbo, ndi matenda a mu mkodzo obwera-bwera. Afunsa ngati bambo, mai kapena m'bale wina anakhalapo ndi mwala. Abambo acikulire afunsidwa ngati mkodzo umatuluka mobvutikira, pakuti prostate ikakula mkodzo utsalira m'cikhodzodzo ndipo mwala ungapangike m'menemo.

Potsiriza pali funso la mankhwala. Mapilisi a vitamin C omwa mopitirira muyeso, mankhwala ena a khunyu monga topiramate, ndi ma ARV ena angabweretse miyala. Indinavir, amene anali kuperekedwa zaka za m'mbuyo, anadziwika kwambiri ndi bvutoli, ndipo atazanavir nayenso amatero kwa anthu ena. Wodwala asacite manyazi kuchula kuti ali pa ma ARV, ndiponso asaleke kumwa yekha. Kusintha mankhwala ndi nchito ya dokotala. Mankhwala a cikuda amene wodwala wamwa ayeneranso kuchulidwa.

KUPIMA MKODZO

Wodwala apatsidwa kabotolo koyera. Asambe m'manja ndi kumalisece, ayambe kukodza pang'ono m'cimbudzi, kenaka atape mkodzo wa pakati. Botolo la kunyumba limene munali mafuta odzola kapena zakumwa limasokoneza zotsatira.

Mu labu aviikamo kapepala kamene kasintha mtundu. Kapepalaka kaonetsa ngati muli magazi osaoneka ndi maso, ngati muli zizindikiro za tizirombo, ndi ngati mkodzo ndi wosungunuka kapena wokhathamira. Kaonetsanso kuwawasa kwa mkodzo, kumene acipatala akucha pH. Nambala imeneyi ikakhala pansi pa 5.5 nthawi zonse, dokotala aganizira mwala wa uric acid, pakuti uric acid sasungunuka mu mkodzo wowawasa. Zimenezi zimaoneka kawiri-kawiri kwa anthu a shuga ndi onenepa. Nambala ikakwera kupitirira 7, aganizira tizirombo timene tisintha mkodzo ndi kupanga mwala.

Dontho la mkodzo liikidwanso pa makina oonera tinthu tating'ono. Mcenga wa mwala uli wonse uli ndi maonekedwe ace. Wa calcium oxalate uoneka ngati envulopu ya kalata. Wa tizirombo uoneka ngati cibvundikiro ca bokosi la maliro. Wa cystine uli ndi mbali 6, ndipo ukapezeka ngakhale kamodzi dokotala adziwa kuti nthenda ndi ya cibadwa. Pa makina omwewo aonanso mazira a likodzo. Likodzo la zaka zambiri limasiya zipsera zimene zipapatiza njira ya mkodzo, ndipo mkodzo woima ndiwo ubala mwala. Mazirawa apezeka bwino mu mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, conco wodwala angauzidwe kubwera pa nthawi imeneyo.

Ngati pali cikaiko ca tizirombo, mkodzo usungidwa mu labu masiku awiri kapena atatu kuti timere. Akatero adziwa mtundu wace ndi mankhwala amene angatiphe.

KUPIMA MAGAZI

Magazi ocepa otengedwa pa mkono ayankha mafunso angapo. Loyamba ndi lakuti impso zigwira nchito bwanji. Apa apima creatinine, cinthu cimene impso zabwino zimacotsa m'magazi. Akakwera, ndiye kuti impso zafooka kapena njira yatsekeka. Apimanso uric acid, shuga, ndi zizindikiro zakuti thupi liri kulimbana ndi tizirombo.

Cina cofunika kwambiri ndi calcium wa m'magazi. Pa khosi pali tinthu tinai tating'ono ngati njere za mpunga, tochedwa parathyroid, timene tilamulira calcium m'thupi. Kamodzi kakakula mopitirira, kamakoka calcium m'mafupa ndi kumudzaza m'magazi, ndipo impso zimalephera kumutulutsa yense bwino. Munthu wotere amakhala ndi miyala yobwera-bwera, mafupa ofooka, ludzu losatha, kudzimbidwa ndi kutopa. Calcium akapezeka wokwera, apimanso magazi kuona ngati tinthu ta pa khosi ndi timene tabweretsa bvuto. Zikatero, opareshoni yaing'ono ya pa khosi imathetsa gwero la miyala. Munthu amene sanapimitse magazi angathe zaka zambiri akucotsa miyala umodzi-umodzi pamene bvuto liri pa khosi.

KUJAMBULA M'THUPI

Pali njira zitatu zodziwika. Yoyamba ndi sikani ya ultrasound, yofanana ndi imene amai a pakati amapita nayo ku sikelo. Siipweteka ndipo iribe ceza coopsa, motero ndiyo iyamba kugwiritsidwa nchito kwa ana ndi amai a pakati. Imaonetsa miyala ya mu impso ndi m'cikhodzodzo, ndiponso ngati impso yatupa kaamba ka mkodzo wosatsika. Kubvuta kwace ndi kwakuti kamwala kamene kali pakati pa kapaipi nthawi zina sikaoneka.

Yaciwiri ndi X-ray. Miyala ya calcium imaoneka yoyera pa cithunzi, koma ya uric acid siioneka. Ici naco cimathandiza. Mwala ukaoneka pa sikani koma osaoneka pa X-ray, dokotala aganizira uric acid. Wodwala amene wauzidwa kuti X-ray siinaonetse kanthu asafulumire kunena kuti alibe mwala.

Yacitatu ndi CT. Kale madokotala anali kulasa mankhwala mu mtsempha ndi kujambula X-ray kangapo kuti aone njira ya mkodzo. Mu 1995 madokotala a ku Yale ku America anaonetsa kuti CT ipeza miyala bwino koposa popanda mankhwala olasa, ndipo kucokera pamenepo njirayi inafala. CT iona pafupi-fupi mwala uli wonse, kukula kwace, pamene uli, ndi kulimba kwace. Koma ndi yodula, ipezeka m'zipatala zazikulu cabe, ndipo ceza cace ndi coculuka kuposa ca X-ray. Mai amene akaikira kuti ali ndi pakati anene asanajambulidwe.

Zithunzi zimathandiza pa zinthu ziwiri. Zionetsa ngati mwala ungatuluke wokha: wocepera mamilimita 5 kawiri-kawiri umatuluka, koma wopitirira mamilimita 10 umafuna thandizo. Zionetsanso ngati pali cilema ca njira ya mkodzo, monga malo opapatiza amene munthu anabadwa nao, kapena miyala yambiri mu impso zonse ziwiri, cimene cisonyeza kuti gwero liri m'thupi lonse.

MWALA WENI-WENI NDIWO MBONI YAIKULU

Palibe kupima kumene kunena zambiri kuposa mwala womwewo. Anthu anayamba kalekale kuphunzira kucokera ku miyala imeneyi. Mu 1776 Carl Scheele wa ku Sweden anapeza uric acid pofufuza miyala ya m'cikhodzodzo, ndipo mu 1810 William Wollaston wa ku England anapeza cystine m'njira yomweyo. Lero ma labu ena ali ndi makina amene aunika kamwala kophwanya ndi kunena zimene ziri m'kati mwace.

Cobvuta ndi cakuti miyala yambiri imathera m'cimbudzi. Wodwala amene wauzidwa kuti adikire mwala utuluke ayenera kukodzera m'cigubu kapena m'kandowa nthawi zonse, kenaka asefe mkodzowo ndi kasefa ka tiyi kapena kansalu koyera. Kamwala kangakhale kakang'ono ngati njere ya mawere, kakuda, kofiirira kapena kacikasu. Kakapezeka, katsukidwe ndi madzi oyera, kaume, ndipo kaikidwe m'kabotolo kouma kolembedwa tsiku limene kanatuluka. Kasaikidwe m'madzi kapena mu spirit, ndiponso kasamatidwe pa selotepi. Ngakhale kumene kulibe makina opimira, dokotala akakaona ndi maso adziwapo kanthu, ndipo angakatumize kwina. Amene wacotsedwa mwala pa opareshoni ali ndi ufulu wofunsa ngati mwalawo wapita kukapimidwa. Safunsa anadya phula.

MKODZO WA TSIKU LONSE

Munthu wamkulu amene wakhala ndi kamwala kamodzi koyamba nthawi zambiri amalekera pa zopima zimene zachulidwa kale. Koma pali ena amene afunika kufufuza kozama: amene mwala wabweranso, amene ali ndi miyala mbali zonse ziwiri, amene ali ndi impso imodzi, amene abale ao ali ndi bvuto lomweli, a matenda a matumbo, ndi mwana ali yense. Mwana wamwamuna amene alira pokodza, nakoka-koka kumalisece, mkodzo nudukiza-dukiza, angakhale ndi mwala m'cikhodzodzo, ndipo afunika kuonedwa msanga.

Anthu otere apemphedwa kusunga mkodzo wonse wa maola 24. Izi zicitika patapita masabata angapo mwala utatuluka, munthu atabwerera ku moyo wace wa masiku onse. Kacitidwe kace ndi kotere. Podzuka m'mawa, mwacitsanzo 6 koloko, akodze m'cimbudzi ndi kulemba nthawi. Kuyambira pamenepo mkodzo wonse wa usana ndi usiku uthiridwe m'cigubu cimene acipatala apereka, kufikira 6 koloko m'mawa mwace, ndipo wa m'mawa umenewo ulowenso m'cigubu. Cigubu cikhale pa malo ozizira, kutali ndi ana, pakuti zina zimakhala ndi mankhwala ootca. Mkodzo wina ukatayika, anene zoona kuti ayambirenso. Kwa wogwira nchito kutali ndi nyumba, tsiku la Sondo lingakhale losabvuta, ngakhale dokotala angafunenso la pakati pa sabata, pakuti kadyedwe ndi kamwedwe ka masiku awiriwa kamasiyana.

Pali cinyengo cimodzi cimene cimaononga kupima kumeneku. Ena pa tsikulo amamwa madzi ambiri ndi kuleka mcere kuti zotsatira zikhale zabwino. Akatero adzinamiza okha, cifukwa dokotala afuna kuona mkodzo umene unapanga mwala.

Mu labu ayamba kuona kuculuka kwa mkodzo. Kenaka apima calcium, oxalate, uric acid ndi mcere. Mcere wa mu mkodzo umaulula mcere umene munthu amadya, ngakhale iye atanena kuti sadya wambiri. Apimanso citrate, cinthu cimene cichinjiriza mkodzo kuti usaundane. Citrate akacepa, monga zicitikira kwa amene atsegula m'mimba kwa nthawi yaitali kapena amadya nyama yambiri ndi zipatso zocepa, mwala upangika ngakhale zina zonse ziri bwino.

ZOTSATIRA ZISINTHA CITHANDIZO

Mkodzo ukapezeka wocepa, mankhwala ace ndi madzi. Colinga ndi cakuti munthu atulutse mkodzo wa malita 2 kufika 2.5 pa tsiku, ndipo kuti atero afunika kumwa pafupi-fupi malita 3, kapena kuposa m'nyengo yotentha. Mkodzo ukhale woyera, osati wofiirira ngati tiyi. Mu 1996 madokotala a ku Parma ku Italy analengeza zimene anapeza atatsatira odwala 199 kwa zaka 5. Mwa amene anauzidwa kumwa madzi ambiri, 12 pa 100 anakhalanso ndi mwala, pamene mwa enawo anali 27 pa 100. Madzi a pa pompi kapena a pa citsime ndi okwanira, malinga awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Amene ali ndi nthenda ya mtima kapena impso zofooka ayambe afunsa dokotala za muyeso wao.

Calcium akapezeka wambiri mu mkodzo, coyamba kucepetsa ndi mcere. Bungwe la World Health Organization linena kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kosadzaza. Anthu ambiri akamva kuti mwala wao ndi wa calcium amaleka mkaka, ndipo kale madokotala nao anali kulangiza comweco. Mu 1993 kafukufuku wa ku America wa amuna oposa 45,000 anaonetsa kuti amene anali kudya calcium wokwanira m'cakudya anali ndi miyala yocepa. Mu 2002 madokotala a ku Parma anayesa amuna 120. Mwa 60 amene analeka zakudya za calcium, 23 anakhalanso ndi mwala. Mwa 60 amene anapitiriza kuzidya koma nacepetsa mcere ndi nyama, anali 12 cabe. Cifukwa cace ndi cakuti calcium wa m'cakudya amagwira oxalate m'matumbo, ndipo zonse zituluka ndi cimbudzi m'malo mopita ku impso.

Oxalate akaculuka, dokotala alangiza kucepetsa bondwe, sipinachi ndi nshawa, ndi kusintha-sintha ndi ndiwo zina monga repu ndi kabichi. Palibe cifukwa coti banja lonse lileke ndiwo za masamba popanda kupima. Citrate akacepa, zipatso ndi madzi a mandimu osathira shuga zimathandiza, ndipo pali mankhwala ochedwa potassium citrate. Mankhwala omwewa amacepetsa kuwawasa kwa mkodzo, ndipo mwala wa uric acid ungasungunuke nao popanda opareshoni. Ena apatsidwa allopurinol wotsitsa uric acid. Mwala wa tizirombo, umene umapezeka kwambiri kwa amai a matenda a mu mkodzo obwera-bwera, ungakule kudzaza impso yonse ngati nthambi za mtengo popanda ululu weni-weni. Umenewu uyenera kucotsedwa wonse, pakuti kacidutswa kotsala kamasunga tizirombo. Cystine akapezeka, abale a mimba imodzi ndi wodwala afunikanso kupimidwa.

Kuyambira mu 1980, pamene madokotala a ku Munich ku Germany anayamba kuphwanya miyala ndi makina popanda kung'amba thupi, njira zocotsera miyala zapita patsogolo kwambiri. Koma makina amenewa amacotsa mwala umene ulipo. Ngati gwero silinapezeke, wina uyamba kupangika.

MBALI YA BANJA

Kufufuza kumeneku kumadya nthawi ndi ndalama za ulendo, ndipo wodwala amene ululu wamuleka amagwa ulesi msanga. Apa ndi pamene a pabanja athandiza. Khadi la kucipatala, zithunzi za X-ray ndi mapepala a zotsatira zisungidwe mu envulopu imodzi ndi kunyamulidwa pa ulendo uli wonse, kuti dokotala watsopano asayambirenso kupima zimene zinapimidwa kale. Mapaketi a mankhwala onse amene wodwala amamwa anyamulidwenso. Amene amaphika pa nyumba ndi bwino apite nao kukamva malangizo a cakudya, popeza mcere uthiridwa ndi dzanja lace.

Mapilisi oletsa ululu monga diclofenac ndi Brufen amathandiza pa ululu wa mwala, koma ogula pa kantemba ndi kumwa masabata ambiri amaononga impso zimene zafooka kale. Kuleka kwa ululu sikutanthauza kuti mwala watuluka. Mwala ungakhale cete m'kapaipi, impso nitupa pang'ono-pang'ono mpaka kufa, mwini wace akuyenda bwino-bwino. Madzi akatayika saoleka. Ngati kamwala sikanaoneke kakutuluka patapita masabata 4 kufika 6, wodwala abwerere kukajambulidwanso ngakhale asamve kupweteka kuli konse, ndipo tsiku limene dokotala walemba pa khadi lisungidwe.